Buleki ya a Mamita

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'dera lonse panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Anali a Mamita basi. M'mawa ankapukuta njinga yawo yakuda ndi sanza, kumangirira buku pa keliyala, n'kuyamba khomo ndi khomo. Agalu a m'dera ankawadziwa, ena mpaka analeka kuwauwa chifukwa chotopa nawo.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Anzawo a pantchito akapeza geti lokhoma ankangolemba nambala yongoganizira n'kumapita. Iwo ayi. Ankabwerera kawiri, katatu, mpaka mwini nyumba apezeke, iwo agwade paudzu, achotse chivundikiro, apukute galasi la mita ndi chala chachikulu, awerenge zomwe zilipodi. Mita ikakwiririka ndi matope ankaifukula ndi manja. "Ine sindilemba zomwe sindinaone," ankatero, ndipo mawu amenewa tinawamva mpaka makutu kuwawa. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo chaka china ndinawapangira geti la kunyumba kwawo. Anatuluka ndi tepi, kuyeza uku ndi uku, n'kundiuza kuti mbali imodzi yafupika ndi kachala. Geti lowapatsa mwaulemu limenelo. Ndinatha sabata osawalankhula.

Koma ndi iwo omwewo amene ananditenga makolo athu atamwalira, ndipo kupalasa ndinaphunzirira pa njinga yakudayo. Anthu ena akamaphunzitsa munthu amagwira keliyala, n'kusiya mwakachetechete kuti wophunzirayo aziyesa akadagwiridwa. Alamu sakanatha bodza ngakhale laling'ono chotero. Ankati akasiya n'kulengeza kuti, "Ndasiya," ine pomwepo n'kugwera m'maluwa.

Matenda anayambira ku dzanja lamanzere. Linkanjenjemera lokha likangokhala pabondo. Kenako manambala awo m'buku anayamba kuchepa ndi kufinyana ngati nyerere, mpaka ku ofesi anadandaula kuti sakuwerengeka. Dokotala anatchula dzina lalitali, koma zomwe tinamva ife n'zakuti ndi matenda a mitsempha ya muubongo, sachiritsika, amangonka mtsogolo, mankhwala amangowanyengerera. Anapuma pantchito chaka chomwecho.

Patatha zaka zitatu, kuyenda kunali nkhondo. Ankati akafika pakhomo la chipinda mapazi n'kumatirira pansi, thupi likufuna kupita, mapazi akukana. Ankatha kuima pamenepo thukuta likutsika, achemwali atawagwira mkono, tiyi akuzizira patebulo masitepe anayi okha kutsogolo. Chodabwitsa n'chakuti mukawakweza panjinga, miyendo yomweyo inkazungulira ngati palibe chimene chachitika. Mayi wa kuchipatala amene ankawaphunzitsa zolimbitsa thupi anati zimenezo zimachitikadi, ndipo anawauza mosapita m'mbali kuti, "Bambo, tsiku limene mudzasiye kupalasa, miyendoyi idzauma. Musasiye." Vuto linali poima. Kawiri konse anagwa cham'mbali pamphambano, phazi litachedwa kufika pansi.

Apo m'pamene ndinalowererapo ine. Ndinadula njinga yakuda ija kumbuyo n'kuwotchererapo chitsulo chonyamula matayala awiri, kuti onse akhale atatu. Chishalo ndinachotsa, m'malo mwake ndinaika mpando wapulasitiki wokhala ndi chotsamira, nditaudula miyendo. Pa mapedulo ndinamangapo malegeni kuti mapazi asamaterereke. Mabuleki onse ndinawalumikiza ku chogwirira chimodzi cha kumanja, chifukwa dzanja lamanja ndi limene linali lidakali ndi mphamvu. Inatuluka njinga yosaoneka bwino ndithu, ngati wilibala yabereka mwana ndi mpando wa m'kantini. Iwo anaizungulira ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Tayala lakumanzere lapendekeka." Linali litapendekekadi.

Kuyambira pamenepo anabwerera mumsewu. M'mawa uliwonse, mankhwala akayamba kugwira, achemwali ankawakhazika pampando, kuwamanga mapazi, n'kutsegula geti. Njira inali yomwe ija ya kuntchito: kudutsa pa shedi yanga, kuzungulira kuseri kwa msika, kukwera chitunda cha kusukulu, kutsika mtsetse wa kumlatho, n'kubwerera cha kogulitsira matabwa. Ola limodzi ndi theka. Akamadutsa pa shedi ankaliza belu kamodzi, osandiyang'ana n'komwe, ine n'kudziwa kuti tsiku layamba. Akabwerako ankakhala munthu. Tiyi sankatayika kwambiri, mawu ankamveka, ankakangana ndi wailesi. Koma mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, m'nyumba muja munkakhala ngati mwagwa maliro. Ankangokhala pawindo nkhope ili gwa, malovu akudonthera pamalaya, osafuna kuona munthu.

Achemwali mtima sunkakhala m'malo. Chinkawasowetsa mtendere ndi mtsetse wa kumlatho, chifukwa m'munsi mwake mumakhala amayi ogulitsa masamba, ndipo anthu amadutsa msewu pamenepo osayang'ana. Tsiku lina ine ndili kwawoko anaphulika.

"Inu mukufuna mudzaphe mwana wa eni ake, anthu adzandiloze chala ine kuti ndinkakutsegulirani geti?"

Alamu sanakangane nawo. Anaitanitsa buku lawo lakale la mamita, lomwe linali ndi masamba otsala kumapeto, n'kuika lamulo okha. Loweruka lililonse m'mawa, pabwalo la nyumba, iwo azikhala panjinga n'kufinya buleki. Achemwali azilemba mzere pansi ndi kamtengo, patsogolo penipeni pa tayala. Ine ndizikankha kumbuyo ndi mphamvu zanga zonse. Tsiku limene tayala lidzadutse mzere, basi, mumsewu sadzapitanso.

"Osandimvera chisoni, mlamu," anandiuza. "Uzikankha ngati galimoto yokana kulira."

Chaka choyamba ndinkakankhadi, mpaka nsapato zanga kukumba dothi, njinga osasuntha. Achemwali ankawerama kuyang'ana mzere n'kunena kuti, "Yagwira." Alamu n'kulemba tsiku m'buku ndi timanambala tawo tija, pambali pake liwu limodzi lomwelo. Masiku amenewo tinkaseka. Ine ndinkati dzanja lawo n'lofunika ndikalimangirire patebulo la m'shedi lizindigwirira zitsulo. Iwo ankati dzanja lilibe vuto, vuto ndi ine, mimba yokha kukula, mphamvu ngati za nkhuku yonyowa.

Kenako dzanja lamanja nalo linayamba. Ndinaona ndekha mmene ankalimbanirana ndi batani la malaya. Ndinatalikitsa chogwirira cha buleki ndi kapaipi kuti chizifewa pofinya, ndipo zinathandiza miyezi ingapo. Ndinatalikitsanso kachiwiri, mpaka pofika poti kuwonjezera kwina zala sizikanafikira. Ndinaganizapo za buleki ya phazi, koma mapazi anali omangidwa, ndiponso miyendo yawo ikayamba kuzungulira sinkamva msanga kuti ileke. Nzeru zanga za zitsulo zinathera pamenepo.

Loweruka lija ndimalikumbukira bwino. Ndinaika manja pa chotsamira cha mpando n'kuyamba kukankha, ndipo ndinamva m'zikhatho kuti tayala layamba kugonja. Pang'ono chabe, koma wogwira zitsulo amadziwa chinthu chikamamasuka. Pamaso panga panali khosi lawo lowonda, mitsempha itatupa, thukuta likulowa m'kolala, phewa lonse likunjenjemera. Munthu ankafinya ndi moyo wake wonse. Ndinakumbukira nkhope ija ya pawindo. Ndinabweza mphamvu m'manja, koma pakamwa ndinabuula kuposa masiku onse.

"Yagwira," anatero achemwali.

Ndinachita zimenezi miyezi inayi. Ndinasanduka katswiri wa sewero: kutupitsa masaya, kugwedeza miyendo, kupukuta thukuta pomwe panalibe thukuta. Ndinkadziuza kuti mtsetse uja si wotsika kwenikweni, kuti amaudziwa kuposa wina aliyense, kuti sabata yamawa ndinena. Zoona zake n'zakuti mdala wovutayo ndinkamukonda, ndiponso ndinali wamantha. Sindinkafuna kuti akhale manja anga owatsekera m'nyumba. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma changachi chinatsala pang'ono kupha khanda.

Linali Lachiwiri m'mawa. Belu linali litalira pa shedi ngati masiku onse. Ola lisanathe foni yanga inalira, woimba anali mayi wina wogulitsa masamba amene ndinamupangirapo tebulo. "Bwerani kumlatho, alamu anu agwa." Ndinathamanga magalasi owotcherera ali pamphumi.

Ndinawapeza m'ngalande ya simenti, njinga ili pamwamba pawo, mapazi adakali omangidwa ku mapedulo ndi malegeni anga. M'kamwa munkatuluka magazi. Anthu anali atazungulira, aliyense akufotokoza zake, koma nkhani inali imodzi. Mayi wina wobereka khanda ankadutsa msewu m'munsi mwa mtsetse. A Mamita anafinya buleki, njinga sinaime. Anakuwa, koma matendawa anali atawadyera mawu, ndiye kukuwa kwawo kunali ngati kunong'ona. Belu ndinali nditaliika kumanja, ku dzanja lomwelo limene linali pa buleki. Ndiye anakhotetsa dala n'kudziponya m'ngalande. Mayi uja anali ataima chapatali, dzanja lili kumbuyo pamutu wa mwana, tayala litamusiyira mzere wakuda pasiketi.

Ndinadula malegeni ndi mpeni. Pamene tinkawanyamula anandiyang'ana kamodzi.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la paphewa lamanzere lathyoka, nthiti ziwiri zathyokanso, mano atatu apita. Tili pabenchi panja pa wodi, achemwali anandigwira mkono.

"Waya wa buleki anaduka eti?"

Waya anali bwinobwino. Ndinali nditayang'ana kale m'ngalande momwemo, ndikupemphera kuti ndimupeze woduka.

"Ndikaona," ndinatero.

"Chifukwa Loweruka inagwira. Ndinaona ndi maso angawa."

Pomwepo nesi anatiitana.

Alamu anatha masabata asanu ndi awiri osapalasa, ndipo zimene ananena mayi wa zolimbitsa thupi uja zinachitika ife tikuona. Mawondo anauma, msana unapindika, kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi kunkafuna anthu awiri. Ine ndikaweruka ndinkapita kukawanyamula ndi kuwasambitsa, ndipo achemwali ankandiyamika kwa aliyense wobwera kudzazonda, kuti mlongo wotere sapezeka. Kuyamikako kunkandiwotcha kuposa moto wa m'shedi. Alamu za ngozi sanazitchulepo. Tsiku lina ndikuwapukuta msana anangoti, "Wongola njinga ija." Achemwali anakana, anakalipa, anati akaitaya kudzala. Alamu anayankha kuti lamulo lidakalipo, ndipo buku likuti buleki inagwira.

Ndinawongola foloko, ndinasintha tayala lakutsogolo, ndinaika waya watsopano ngakhale wakale analibe mlandu. Loweruka m'mawa ndinaikankha kupita nayo kwawo.

Tinawakhazika pampando awirife. Anali atapepuka moti m'manja ndinkamva mafupa okhaokha. Achemwali anawamanga mapazi, anatola kamtengo n'kulemba mzere, kenako anaima pambali atapinda manja. Ine ndinapita kumbuyo. Ndisabise: ngakhale pamenepo, zonse zija zitachitika, sindinkadziwa chimene manja anga achite.

"Mlamu," anatero alamu osatembenuka. Ndinawerama kuti ndimve. "Ukamakankha zoona, nsapato zako zimakumba dothi. Maenje awiri, apo ndi apo. Ndinkawaona ndikamatembenuza njinga."

Kenako anawonjezera.

"Kuyambira mwezi wachitatu wa chaka chino, maenje kunalibe."

Achemwali anatsitsa manja. "Mukuti chiyani, bambo?"

"Ndikuti mlongo wanuyu sankakankha. Ndipo ine ndinkadziwa." Anapuma kaye, chifukwa mawu ambiri ankawatopetsa. "Miyezi inayi ndakhala ndikulemba zomwe sindinaone."

Achemwali anandiyang'ana. Ndikanakonda andimenye mbama, koma sanatero. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ine ndinkawerama pamzerepa ngati chitsiru, nonse awiri mukundiona?"

"Kankha," anatero alamu. "Lero ndikufuna maenje."

Ndinaona zala zawo zikuzinga chogwirira, chimodzichimodzi, mpaka zikhadabo kuyera. Ndinaponda pansi n'kukankha ndi mphamvu zonse. Maenje sanafunike. Njinga inadutsa mzere ngati palibe wagwira kanthu, inapitirira bwalo lonse ine ndikupunthwa pambuyo pake, mpaka tayala linakagunda geti lija lofupika mbali imodzi.

Alamu anakhala pamenepo kanthawi, akuyang'ana msewu kudzera m'mipata ya geti. Kenako anapempha buku. Kulemba liwu limodzi lakuti "Sinagwire" kunawatengera nthawi yaitali, cholembera chikuthawathawa, koma anakana kuti wina awalembere.

Achemwali anatha mwezi osandilankhula, tiyi ankangondiikira patebulo ngati mlendo wosadziwika. Alamu ndi amene anandituma ntchito yotsatira: ndiwotcherere chimango chokweza matayala akumbuyo m'mwamba, kuti azipalasa pamalo amodzi. Matayalawo ndinawadzaza mchenga kuti azilemera ngati ali mumsewu, ndiye akayamba kuzungulira saima msanga. Ndinaika zonsezi pakhonde la kuseri, poti ndi pokhapo pamene mvula sifika, moyang'anana ndi khoma la njerwa la nyumba yoyandikana nayo. Mayi wa kuchipatala uja anati tachita bwino, miyendo sidziwa kusiyana. Za miyendo mwina akunena zoona.

Papita chaka tsopano. Masiku ano amapalasa mphindi makumi awiri, akadzuka bwino makumi atatu. Amatsinzina, milomo ikugwedera, ndipo ukawerama umamva kuti akutchula manambala a nyumba, khomo ndi khomo, njira yonse ya kale, osadumpha ngakhale imodzi. Akafika pa shedi yanga amaliza belu, ngakhale ine nditaima pomwepo. Pa chitunda cha kusukulu amawerama n'kulimbikira, thukuta n'kutuluka. Akafika pa mtsetse wa kumlatho amasiya kupalasa n'kufinya buleki. Palibe anawauza kuti azitero, ndipo palibe angawauze kuti aleke.

Loweruka lapitali ndinali nditaima kumbuyo kwawo pamene anafika pa mtsetsewo. Zala sizikutsekanso masiku ano, zimangokhudza chogwirira n'kumavina pamenepo. Anafinya, phewa likunjenjemera, khosi lija litatupa mitsempha, koma matayala ankangozungulira m'mwamba, buleki ikungowanyambita. Anapitiriza kufinya. Sindikudziwa kuti dzanja langa linanyamuka liti, ndinangoona lili pafupi ndi tayala, chikhatho chitatambasuka kuti chiligwire. Iwo anali chitsinzinire.

"Chotsa dzanja, mlamu."

Ndinachotsa. Tinadikira awirife mpaka matayala anaima okha.